Wotuma ndi Wotumidwa pa Ulendo wa Kuthambo

Pa mwambo wathu, munthu akafuna kutuma mnzake ulendo wautali sangomulozera njira ndi chala basi. Amayamba wamukonzera kamba, kaya ndi mbatata zootcha, chimanga chokazinga kapena ufa pang'ono m'kathumba. Amamuuzanso za mitsinje imene akawoloke, midzi imene angagoneko ndiponso malo amene kuli zilombo. Ngati iye mwini sadziwa njirayo, amafunsa kwa amene anayendamo kale. Akapanda kuchita zonsezi, mthengayo n'kukaona tsoka, mlandu sugwera mtsinje kapena chilombo ayi, koma umagwera amene anatuma. Makolo athu sanalembe lamulo limeneli m'buku, komabe mwana aliyense ankakula akulidziwa.

M'nkhani ino ndikufuna tiyese ndi muyeso womwewu ulendo wotalika kuposa maulendo onse amene munthu anaganizapo, ndiwo ulendo wa kuthambo. Mayiko olemera akukonzeka zotumizanso anthu kumwezi, ndipo pambuyo pake ku dziko lina lozungulira dzuwa lotchedwa Mars. Koma kawiri konse, mu 2005 ndi mu 2025, akuluakulu a boma la America, lomwe limatsogolera pa ntchitoyi, anaganiza zochepetsa ndalama za kafukufuku wofuna kudziwa chimene chimachitikira thupi la munthu ndi zamoyo zina kumwambako, pamene ndalama za zombo zonyamula anthuwo anazisiya kapena kuziwonjezera kumene. Tsono funso ndi ili: kodi n'chilungamo kutuma munthu ulendo pamene iwe wakana kulipirira nzeru zomuteteza?

Wina adzati za kuthambo zitikhudza bwanji ife a ku Mdeka, amene nkhawa yathu ndi mvula ndi mtengo wa feteleza. Woteroyo ayambe wayang'ana kumwamba. Madzulo ena kukangoti bii, kapena m'bandakucha, kumaoneka kanyenyezi kowala kwambiri kakuyenda mofulumira. Sikaphethira ngati nyali za ndege zokatera ku Chileka, ndiponso sikachita phokoso. Pakangotha mphindi zochepa kamakhala katazimirira. Imeneyo si nyenyezi koma nyumba yomangidwa ndi manja a anthu, yotchedwa International Space Station. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, kungoposa mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi 90 zokha. Kuyambira mu Novembala 2000 m'nyumbamo simunasowepo munthu ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yaikulu ya anthuwo ndiyo kuchita kafukufuku, ndipo chinthu chimodzi chimene amachipima kwambiri ndi matupi awo omwe.

Thupi lathu linazolowera kukhala pansi pano, pamene mphamvu ya dziko imakokera chilichonse pansi. Mayi akasenza ndowa ya madzi kuchokera pamjigo, mafupa a m'miyendo ndi a m'chiuno mwake amamva kulemerako, ndipo kumva kumeneko n'kumene kumawalimbitsa. Fupa silili ngati mwala. N'chinthu chamoyo chimene chimamangidwa ndi kugumulidwa tsiku ndi tsiku, monga momwe chulu chimakhalira m'manja mwa chiswe. M'nyumba ya kuthambo ija kulemera sikumveka, pakuti nyumbayo ndi zonse zili m'menemo zili ngati zikugwa mosalekeza mozungulira dziko. Anthu, madzi ndi zipangizo zimangoyandama. Thupi likaona kuti mafupa alibe katundu wosenza, limayamba kuwagumula. Mafupa a m'chiuno ndi m'miyendo amatha kutaya gawo limodzi mwa magawo 100 a kulimba kwake, mwinanso kuposerapo, mwezi uliwonse, pamene nkhalamba pansi pano imataya muyeso wotere pa chaka chathunthu. Mchere wochoka m'mafupawo umadzera mu impso ndipo ukhoza kuundana n'kukhala timiyala. Minofu imafota. Magazi ndi madzi a m'thupi, amene pansi pano amatsikira kumiyendo, amakwera kumutu, moti nkhope imatupa, miyendo imaonda, ndipo ambiri maso awo amasintha kapenyedwe. N'chifukwa chake okhala m'menemo amalimbitsa thupi pamakina kwa maola pafupifupi awiri tsiku lililonse. Ngakhale atero, akatsika pansi pano amachita kunyamulidwa potuluka m'chombo, monga wodwala wochokera kuchipatala.

Nzeru zonsezi sizinatoledwe panjira. Galu wotchedwa Laika, amene a ku Soviet Union anamuponya kuthambo mu Novembala 1957, anafera komweko patangopita maola ochepa. Pamene Yuri Gagarin anazungulira dziko pa 12 Epulo 1961, madokotala sankadziwa ngati munthu angathe kumeza chakudya kapena kusunga nzeru zake m'malo opanda kulemera. Dokotala wina wa ku Russia, Valeri Polyakov, anakhala m'nyumba ya kuthambo yotchedwa Mir masiku 437, kuyambira mu Januwale 1994 mpaka mu Malichi 1995, akudzipima yekha. Scott Kelly wa ku America anakhala kumwamba masiku 340 mu 2015 ndi 2016, pamene mapasa mnzake Mark anatsala pansi, kuti akatswiri ayerekeze matupi awiri ofananawo. Chidutswa chilichonse cha nzeruzi chinagulidwa ndi ndalama, ndi zaka, ndi thupi la wina wake.

Komatu nyumba ija ili pakhomo penipeni. Munthu akadwala m'menemo akhoza kutsitsidwa m'maola ochepa. Ndiponso dziko lathu lili ndi mphamvu yamaginito imene imatchinga gawo lalikulu la cheza choopsa chochokera kudzuwa ndi kunyenyezi zakutali, ndipo nyumbayo ili mkati mwa chitetezo chimenechi. Ku Mars n'kwina. Kupita kokha kumatenga miyezi 6 mpaka 9, ndipo ulendo wonse, kupita, kudikira nyengo yoyenera ndi kubwerera, ungatenge zaka pafupifupi zitatu. Chombo chikanyamuka sichingatembenuke panjira. Mawu a pawailesi akhoza kutenga mphindi 20 kuti akafike, mphindi zina 20 kuti yankho libwere, choncho wodwala mwadzidzidzi sangadalire dokotala wa pansi pano. Mankhwala amasukuluka, chakudya chosungidwa chimatha mphamvu, ndipo cheza chija chimalowa m'thupi usana ndi usiku, n'kumawononga timagawo take mwakachetechete. Palibe munthu amene anakhalapo kunja kwa chitetezo cha dziko lathu kopitirira milungu iwiri. Ulendo wotalika wa anthu opita kumwezi m'masiku a Apollo, mu Disembala 1972, unatenga masiku 12 okha.

Munthu wanzeru akanayembekeza kuti pamene ulendo ukutalika, kamba nayenso azichuluka. Zimene zinachitika n'zosiyana. Mu Januwale 2004 Pulezidenti George W. Bush analengeza kuti America ibwerera kumwezi kenako ipita ku Mars. Ndalama zokwanira sizinaperekedwe, motero mu 2005 bungwe loona za kuthambo la dzikolo, NASA, linadula kwambiri kafukufuku wa zamoyo kuti lipeze ndalama zopangira zombo zatsopano. Ntchito ya zombozo, imene inkatchedwa Constellation, inathetsedwa mu 2010 isananyamulepo munthu ndi mmodzi yemwe. Mu 2023 bungwe la akatswiri a sayansi a dzikolo linalangiza kuti ndalama za nthambi yofufuza zamoyo ndi zinthu zina kuthambo zichulukitsidwe kakhumi ngati anthu akufunadi kukakhala kutali. Mu Meyi 2025 boma la Pulezidenti Donald Trump linapereka ganizo lakuti ndalama zonse za NASA zitsike kuchoka pa madola pafupifupi 25 biliyoni kufika pa 19 biliyoni, za sayansi zidulidwe pafupifupi ndi theka, ndipo za nthambi ija zitsike kuchoka pa madola oposa 80 miliyoni kufika pa 25 miliyoni. M'ganizo lomwelo munali madola 1 biliyoni atsopano okonzekera kutumiza anthu ku Mars.

Tisanaweruze, timve kaye mawu a munthu amene angati, "Adule basi, ndipo akanadula zonse." Mawu amenewa anachokerapo kwathu konkuno. Mu 1970 sisitere wina wa mpingo wa Katolika amene ankatumikira m'Zambia, Mary Jucunda, analembera kalata Ernst Stuhlinger, mmodzi wa akatswiri aakulu a NASA, kumufunsa kuti angaganize bwanji zowononga ndalama zankhaninkhani pa ulendo wa ku Mars pamene ana akufa ndi njala pansi pano. Stuhlinger anayankha mwaulemu m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho. Mfundo yake inali yakuti kafukufuku amene lero akuoneka wopanda phindu ndi amene mawa amapulumutsa anthu, ndipo anapereka chitsanzo cha galasi lokuzira tizilombo tosaoneka ndi maso, limene linathandiza kugonjetsa miliri. Anatumizanso chithunzi cha dziko lathu monga linaonekera kuchokera kumwezi mu 1968.

Funso la sisitere uja silinakalambe. Ife amene tinaona njala ya 2002, ndi chilala cha 2024 chimene chinachititsa boma kulengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a Malaŵi muli ngozi, sitingaliseke. Ndipo yankho la Stuhlinger silikhutiritsa pena paliponse. N'zoona kuti pamene namondwe wa Freddy ankawoloka nyanja ya Indian kwa mwezi wathunthu, asanagwetse nyumba ndi kukokolola anthu ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, a zanyengo ankamutsata ndi maso a masetilaiti. Koma setilaiti simafuna munthu wokhalamo. Makina amene akuyendayenda pa Mars sapuma mpweya, sadya, ndipo akawonongeka palibe mkazi wamasiye wolira. Munthu amene akunena kuti titumize makina, anthu akhale pansi, ndalama zotsalazo zithandize osauka, akunena zomveka, ndipo ine ndimamulemekeza.

Koma taonani kuti zimene zinaganizidwa mu 2025 si zimenezo. Ndalama zochotsedwa kwa ofufuza sizinali zodzagulira ana phala. Chaka chomwecho boma lomwelo linatseka bungwe lake lothandiza mayiko osauka la USAID, ndipo zipatala zathu zinamva kuwawa kwake. Ulendonso sunathetsedwe. Chimene chinachotsedwa ndi kamba yekha. Pali maganizo awiri oongoka pa nkhaniyi. Ena ndi akuti tisapite, ena ndi akuti tipite ndipo tilipire mtengo wonse wa kupitako. Ganizo lachitatu, lofuna ulemerero wa ulendo koma lokana mtengo wosamalira woyendayo, ndilo lokhota, ndipo ife Amalaŵi tikulidziwa bwino chifukwa linayesedwapo pa matupi a makolo athu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku Johannesburg, limene anthu analitcha Wenela, linayamba kutenga amuna a m'dziko la Nyasaland. Amunawo ankachoka kudziko lofunda n'kukafika kudziko lozizira, ankagona mothithikana m'makomboni, ndipo ankatsikira pansi pa nthaka kumalo otentha ngati ng'anjo n'kutulukanso kukakumana ndi chisanu. Kunena zoona, kwa mnyamata wa ku Lirangwe malo amenewo anali achilendo kwa thupi lake monga kuthambo kulili kwa munthu wa lero. Chibayo chinawasesa. Zaka zina, mwa anthu 10 alionse ochokera kumayiko ofunda mmodzi ankamwalira chaka chisanathe. Imfazo zinachititsa manyazi kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kuno. Eni migodi anaona kuti phindu lawo lili pangozi, ndipo ndalama za kafukufuku zinapezeka. Bungwe la South African Institute for Medical Research linakhazikitsidwa mu 1912 mothandizidwa ndi eni migodiwo, ndipo dokotala Spencer Lister anatha zaka zambiri akufunafuna katemera wa chibayo. M'zaka za m'ma 1930 chiletso chija chinachotsedwa, anthu n'kuyambiranso kupita. Pofika zaka za m'ma 1950 Wenela inali ndi ndege zake, zimene zinkanyamula amuna pabwalo la Chileka kukawasiya ku Francistown, kumene ankakwera sitima ya ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo.

Panali matenda enanso. Pobowola mwala pamatuluka fumbi losalala kwambiri limene limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa, ndipo mapapo otere chifuwa chachikulu chimawagwira msanga. Matenda amenewa sapha munthu pa kontalakiti yake yoyamba ayi. Amadikira zaka 10 kapena 20. Ife amene tinakula m'zaka zimenezo tikukumbukira amuna obwera ku Joni ndi njinga zonyezimira, mawailesi ndi mabulangete olemera, mudzi wonse n'kumawasirira. Tikukumbukiranso ena mwa iwo patapita zaka, atakhala pakhonde, akutsokomola, osatha kukwera ngakhale kachitunda kopita kumunda. Anthu ankati awalodza. Chibayo chinkapha munthu pamgodi pomwepo, pamene imfa yake inkalembedwa m'kaundula ndi kuwerengedwa ndi boma, choncho chinafufuzidwa mwakhama. Fumbi linkapha munthu wakuda kumudzi kwawo, kumene kunalibe womupima kapena womuwerenga, choncho mtengo wake unasenzedwa ndi mkazi wake ndi ana ake.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inanyamuka ku Francistown kubwera ku Blantyre inagwa itangouluka kumene, chifukwa mafuta ake anali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Amalaŵi 74 anafa. Dr. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulembanso anthu m'dziko muno, ndipo panapita zaka zitatu ntchitoyo isanayambirenso. Anthu 74 ofa tsiku limodzi anagwedeza boma. Anthu ochuluka kuposa pamenepo, ofa mmodzimmodzi m'midzi, anadikira mpaka 2018, pamene makampani a migodi ya golide anavomera kupereka chipepeso cha marandi 5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbi ndi chifuwa chachikulu. Pofika nthawiyo ambiri anali ali m'manda, ndipo akulu anati pepani sapoletsa chilonda.

Umu ndi mmenenso zilili ndi ulendo wa kuthambo. Chombo cha Challenger chitaphulika mu Januwale 1986, ndi cha Columbia chitasweka mu Febuluwale 2003, chilichonse n'kupha anthu 7, dziko lonse linaona, ndipo zombo za mtunduwo zinaimitsidwa kopitirira zaka ziwiri nthawi zonse ziwirizo kuti vuto lifufuzidwe. Palibe nduna imene ingayerekeze kudula ndalama zolimbitsira injini ya chombo, pakuti injini ikalephera imalephera pamaso pa anthu onse. Koma khansa imene ingagwire munthu zaka 15 atabwerako, fupa la m'chiuno lothyoka ali ndi zaka 60, kapena maso ofooka, izi zidzachitikira m'nyumba mwake, nyimbo zomulandira zitatha kalekale. Komanso chombo chimapangidwa m'mafakitale olemba ntchito anthu zikwizikwi amene amaponya voti, ndipo chikamanyamuka chimalavula moto wokongola pachithunzi. Wofufuza amene akupima mafupa a mbewa kapena mizu ya kabichi alibe chithunzi chokopa munthu. Pamene nkhwangwa ifunafuna podula, imagwera pamtengo umene kugwa kwake sikumveka.

Pali mfundo ina imene ndiyenera kuiyankha, ndipo n'njolemera. Oyenda kuthambo si amuna a Wenela. Sathamangitsidwa ndi msonkho kapena umphawi. Ndi madokotala, mainjiniya ndi oyendetsa ndege, anthu ophunzira kwambiri amene amachita kulimbirana mwayiwo. Mu 2016 anthu oposa 18,000 anafunsira ntchitoyi ku NASA, ndipo osankhidwa anali 12. Munthu wamkulu akavomera yekha kuika moyo wake pachiswe, ndani angamuletse? Kodi msodzi wa ku Mangochi amene amalowa m'nyanja usiku ndi bwato timamumanga?

Kusiyana kumeneku n'koona ndipo sindikukuchepetsa. Koma kuvomera kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha wovomerayo akudziwa chimene akuvomera. Msodzi amaidziwa nyanja, mwera akaumva amadziwa kuti ndi mwera. Apa tiyenera kusiyanitsa kusadziwa kuwiri. Pali kusadziwa kosapeweka, monga kwa madokotala a Gagarin, amene anayesa zonse zimene akanatha ndipo chotsala chinali kungopita basi. Palinso kusadziwa kochita kusankha, pamene wotuma ali nayo njira yodziwira koma waitseka dala kuti asunge ndalama. Pa kusadziwa koyamba wotuma ndi wotumidwa ali mumdima limodzi. Pa kwachiwiri wotuma ndiye wazimitsa nyali, kenako n'kufunsa mnzakeyo ngati akulola kuyenda mumdimamo. Lamulo limene NASA inakhazikitsa mu 2022 linaika malire a cheza chimene munthu angalandire pa ntchito yake yonse, ndipo akatswiri anaonetsa kale kuti ulendo wa ku Mars ungapyole malirewo. Njira zotulukira m'vutoli ndi ziwiri. Ina ndiyo kufufuza zotchingira, mankhwala kapena chombo chofulumira. Ina ndiyo kupempha woyendayo kuti asayine chikalata chovomera kupyola malire. Yachiwiriyi imangofuna pepala ndi cholembera, ndipo mpamene pagona chiyeso.

Kulimba mtima kwa wotumidwa sikuchepetsa udindo wa wotuma, koma kumauwonjezera. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti mpira ukakodwa pamwamba pa mtengo, iye n'kufunsa kuti ndani akwere, manja amakwezedwa ambirimbiri. Kuchuluka kwa manjako sikumupatsa ufulu woleka kuyang'ana ngati nthambiyo ili yofumbwa. Anthu olimba mtima ndiwo osavuta kuwadyera masuku pamutu, chifukwa safunsa zambiri ndipo amachita manyazi kubwerera m'mbuyo.

Pano ndikumbuke mphunzitsi mnzathu wa ku Zambia amene dziko lakhala likumuseka kwa zaka 60. Mu 1964, chaka chimene Zambia ndi Malaŵi analandira ufulu, Edward Mukuka Nkoloso analengeza kuti dziko lake lidzafika kumwezi ndi ku Mars patsogolo pa America ndi Russia. Anasonkhanitsa achinyamata pafamu ina pafupi ndi Lusaka, ndipo ankawalowetsa mumgolo wa mafuta n'kuwagubuduza pachitunda, kapena kuwakweza pakatungwe, kuti azolowere kuzunguzika ndi kupepuka kwa thupi. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, ndipo sanalandire kanthu. Imeneyo sinali sayansi, ndipo mgolo sungaphunzitse munthu za kuthambo. Komabe pali chinthu chimodzi chimene bamboyu anachiika pamalo ake. Ngakhale analibe chombo chenicheni, anazindikira kuti funso loyamba n'lakuti thupi la wokwera lidzapirira bwanji. Ena ali ndi zombo zenizeni koma funso limeneli amaliika kumapeto kwa ndondomeko ya chuma.

Kumayambiriro kwa 2026 aphungu a nyumba ya malamulo ya ku America anakana mbali yaikulu ya ganizo la 2025 lija, ndipo ndalama zambiri zinabwezeretsedwa. Wina angati basi, nkhani yatha. Koma kafukufuku sali ngati mpopi wakuti ukautseka lero, mawa ukatsegula madzi atuluka. Alimi athu akudziwa chimanga cha MH18, chimene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mu 1990. Chimanga cha haibulidi cha m'mbuyomo amayi ankachikana chifukwa chinali chofewa, chinkanyenyeka mumtondo ndipo anankafumbwe ankachimaliza msanga m'nkhokwe. Kuti papezeke chimanga chobereka kwambiri koma cholimba ngati cha makolo, panafunika kukwatitsa mbewu ndi kusankha nyengo ndi nyengo kwa zaka zambiri. Mukanaimitsa ntchitoyo pakati, mbewu zosungidwa zikanafa ndipo odziwa ntchitoyo akanabalalika kukafuna ganyu kwina. N'zimene zinachitika ku America pambuyo pa 2005. Ophunzira a m'mayunivesite amene ankakonzekera ntchito ya moyo wawo wonse anatembenukira ku maphunziro ena, ndipo lipoti la akatswiri la mu 2011 linadandaula kuti gulu la ofufuza za moyo wa kuthambo linali litachepa kwambiri. Mu 2025, aphungu asanagamule n'komwe, antchito a NASA pafupifupi 4,000 anavomera kusiya ntchito.

Nthawi nayonso sikudikira. Nyumba ija imene imadutsa pamwamba pa Mdeka yakalamba, ndipo eni ake anakonza zoti cha m'ma 2030 adzaigwetsere m'nyanja ya Pacific. Mu 2024 NASA inapatsa kampani ya SpaceX ntchito yopanga chombo chodzaikankhira pansi. Dziko la China linamaliza kumanga nyumba yakeyake, Tiangong, mu 2022, ndipo chaka chomwecho akatswiri ake anadzala mpunga m'menemo mpaka kukolola mbewu. Koma malamulo a ku America amaletsa NASA kugwira ntchito ndi China popanda chilolezo chapadera, kotero nzeru za mbali ziwirizi siziyenda momasuka. Mwezi uliwonse umene zipangizo za m'nyumba yakaleyo zikhala osagwiritsidwa ntchito ndi mwezi wotayika.

Funso lina lalikulu likadali poyera. Pa Mars mphamvu yokokera zinthu pansi ilipo, koma ndi yongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya dziko lathu, ndipo pamwezi ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Kodi kulemera kochepa chotero n'kokwanira kusunga mafupa, mtima ndi maso a munthu kwa chaka chathunthu, kapena thupi lidzapitiriza kudzigumula? Njira yoyesera zimenezi ndi makina ozungulira. Mwana akamanga mwala kuchingwe n'kumauzunguza, chingwecho chimakungika, ndipo akafulumiza chimakungika koposa. Momwemonso makina ozungulira mkati mwa nyumba ya kuthambo akhoza kupatsa nyama ndi zomera kulemera kwa muyeso uliwonse umene wofufuza akufuna, wa pamwezi, wa pa Mars kapena wa pansi pano. Dziko la Japan linavomera kumangira NASA chipinda chathunthu cha makina otere, okula mamita awiri ndi theka, posinthana ndi kunyamulidwa kwa chipinda chake cha kafukufuku chotchedwa Kibo. Ntchito itapita kale patali, NASA inachichotsa pandandanda mu 2005. Kuyambira mu 2016 a ku Japan akhala akuyesa mbewa zochepa m'timakina ting'onoting'ono tozungulira m'chipinda cha Kibo. Chipinda chachikulu chija sichinachoke pansi. Anakachiimika panja pa likulu la za kuthambo la ku Tsukuba, m'dziko la Japan momwemo, kuti alendo azichiona.